Mwagunda mutu ndiye maso ayamba kuona ziwiriziwiri? Nazi zoti muchite

Munthu amagwa pa kabaza mumsewu wa ku Mtunthama, kudzuka, kusasa fumbi nkumati ndili bwino ine. Pakatha masiku awiri atatu ndi pomwe madandaulo amayamba, akayang'ana foni zilembo zikuvina, manambala a Mpamba akuoneka awiriawiri, dzuwa likumubaya m'maso, akalowa mumsika pa boma la Kasungu pomwe anthu ali piringupiringu mutu ukuzungulira. Si kabaza yekha ayi, ena ndi kuombana mitu pa mpira, kugwa pa ngolo, mwana kugwa mu mtengo wa mango, olo ndewu ya ku mowa.

Madokotala amati concussion, ubongo wagwedezeka m'chigaza. Sikuti mpaka munthu akomoke, ambiri sakomoka nkomwe, ndipo olo akujambuleni ndi makina a CT nthawi zambiri sipaoneka kanthu. Chomwe anthu sadziwa nchakuti diso lenilenilo kawirikawiri limakhala lilibe vuto. Diso lililonse lili ndi minofu 6 yoliyendetsa ndipo ndi ubongo umene umalamula kuti maso onse awiri aloze malo amodzi nthawi imodzi. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli, zonse nzamphamvu koma woyendetsa ngolo wazunguzika, ina ikukokera uku ina uko. Nde chithandizo chake chimalunjika kwa woyendetsayo.

Choyamba, tsiku lomwelo, onani ngati si nkhani yothamangira ku chipatala

Munthu akamasanza mobwerezabwereza, mutu ukupwetekerapwetekera, akugwa ngati wa khunyu, akuvuta kudzutsa, akuyankhula zosamveka, mkono kapena mwendo wafooka, m'mphuno kapena m'khutu mukutuluka timadzi kapena magazi, musadikire kuti kuche. Kumaso yang'anani izi: kamwana ka diso kamodzi kakula kuposa kanzake, diso limodzi lasiya kuona, magazi aima mkati mwa diso pakuda paja, kapena akuti akuona kung'anima ngati mphezi ndi chinthu ngati katani chikutseka mbali imodzi. Chomalizachi chimatha kukhala kuti kansalu ka kumbuyo kwa diso kamatuka, ndipo pamenepo masiku amawerengeka. Kuona ziwiriziwiri kumene kwayamba pompo nakonso kufunika adokotala aone. Pitani ku Kasungu District Hospital kapena chipatala chomwe chili pafupi, kaya ndi St Andrews ku Mtunthama, iwo akaona kuti nzazikulu amakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Agogo ndi aliyense amene amamwa mankhwala osungunula magazi apite ndithu olo akuoneka bwinobwino.

Masiku awiri oyamba

Apume, ndipo pakhale munthu wamkulu womuyang'anira usiku woyambawo. Zija amati osamulola kugona si zoona, tulo ndi mankhwala, bola pakhale wina womazonda kuti akupuma bwino ndipo akadzutsidwa akudzuka. Mutu ukamapweteka amwe Panado. Aspirin ndi Brufen ayi masiku amenewa chifukwa ngati mkatimo mukutuluka magazi amawonjezera. Mowa ayi, olo ka Chibuku kamodzi. Foni ndi TV achepetse kwambiri, ayankhe foni ikalira basi, WhatsApp ndi mpira wa pa kanema zidikire.

Ndipo chonde m'maso musathiremo kanthu. Mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, shuga, mkodzo, kapena kachubu ka tetracycline ka pa golosale, zonsezi sizifika pomwe pali vuto, zina zimangopsereza diso lomwe linali labwino.

Kuyambira tsiku lachitatu, tulukani m'chipinda

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya chifukwa cha chikondi. Amamutsekera m'chipinda cha mdima sabata ziwiri, nsalu pa windo, magalasi akuda usana ndi usiku. Kale achipatala nawonso ankalangiza zogona mpaka zonse zitatha koma zinasintha, akatswiri a nkhaniyi atakumana ku Amsterdam mu 2022 anagwirizana kuti kupuma kukhale kwa maola 24 mpaka 48 kenaka munthu ayambe kuyenda pang'onopang'ono. Maso akazolowera mdima kuwala kumadzawawa kuposa poyamba. Nde magalasi akuda valani panja pa dzuwa pokha, m'nyumba vulani, chipewa cha mlomo chimathandiza bwino.

Kuwerenga ndi foni yambani ndi mphindi 5 kapena 10, zilembo zikulitseni, kuwala kwa foni kuchepetseni. Zikamayenda onjezerani, ndipo pakatha mphindi 20 zilizonse kwezani maso muyang'ane chinthu chakutali, mamita 6 kapena kuposa, kwa masekondi 20. Lamulo lake ndi ili: mutu ukalemera pang'ono nkutsika lisanathe ola palibe cholakwika, pitirizani mawa. Ukakwera kwambiri kapena kukhalitsa mpaka madzulo ndiye kuti mwathamanga, bwererani pomwe munali dzulo.

Ganizirani ntchito yanu. Kusankha fodya m'chigafa, tsamba lililonse kuliyandikiza kumaso kuona mtundu wake, kuwala kochepa, tsiku lonse mutaweramira, ndi ntchito yolemetsa maso kuposa momwe timaganizira. Chimodzimodzi telala polowetsa ulusi mu singano, kapena ejenti wa Airtel Money yemwe nambala imodzi ikamuphonyeka ndalama zapita kwa wina. Gwirani pang'ono, pumulani, ndipo za ndalamazo wina azikuwerengerani kaye. Mwana wa sukulu abwerere theka la tsiku, akhale kutsogolo, makolo mukawauze aphunzitsi kuti kukopera za pa bolodi kumuvuta chifukwa maso akuchedwa kusintha kuchoka patali kubwera pa kope. Si ulesi.

Dziyeseni ndi bolopeni

Gwirani bolopeni mkono mutatambasula, yang'anani kansonga, muziibweretsa ku mphuno pang'onopang'ono. Kwa munthu wabwinobwino imaonekabe imodzi mpaka itafika masentimita 10 kapena kuyandikira kuposa apo. Ikagawika pawiri ikadali kutali, kapena mnzanu akaona diso limodzi likuthawira kunja, maso akulephera kukumana pafupi, ndipo ili ndi limodzi mwa mavuto ofala kwambiri munthu akagunda mutu. Tsekaninso diso limodzi ndi chikhatho. Ziwirizo zikasanduka chimodzi ndiye kuti ndi kusagwirizana kwa maso, zikakhalabe ziwiri ndi diso limodzi vuto lili m'disomo. Zonsezi mukanene ku chipatala.

Zikapanda kutha

Akuluakulu ambiri amapeza bwino mu sabata ziwiri, ana amatha kufika sabata 4. Zikapitirira apo, kapena zikamakula m'malo mochepa, pitani ku kiliniki ya maso pa chipatala cha boma ndi buku lanu la ku chipatala. Apa mvetsani. Adzakuimikani patali kuti muwerenge zilembo za pa khoma zija ndipo mwina muwerenga mpaka mzere wa pansi, chifukwa mayeso amenewo amaona diso limodzilimodzi komanso patali. Musachoke mutangomva kuti maso ali bwino. Nenani kuti munagunda mutu tsiku lakuti, vuto limabwera powerenga pafupi, pakatha mphindi zingati, ziwirizo zimakhala zogundana m'mbali kapena china pamwamba pa chinzake. Ziwiri zosanjikizana, makamaka poyang'ana pansi potsika masitepe, munthu nkumapendeketsa mutu kuti aone bwino, zimaloza mtsempha umodzi woyendetsa diso umene umavulala msanga pa ngozi. Zamtunduwu zambiri zimachira zokha mu miyezi 3 mpaka 6 ndipo madokotala amadikira kaye asanakambe za opaleshoni. Podikirapo amatha kukupatsani magalasi a prism, opinda kuwala kuti ziwirizo zioneke chimodzi, kapena kukuuzani kuti muzitseka diso limodzi pogwira ntchito. Ena amangofunika magalasi owerengera kwa miyezi ingapo, koma akuyezeni kaye, osangotola a pamsika.

Akakuuzani kuti ndi kulephera kukumana pafupi kuja, pali masewero ake. Bolopeni yomwe ija, kuibweretsa ku mphuno nkumalimbikira kuti ikhale imodzi, ikagawika kubweza pang'ono nkuyambanso. Ena ndi a chingwe: tengani chingwe cha mamita awiri, lowetsani mikanda itatu ya mitundu yosiyana motalikirana, mangani ku chitseko, nsonga inayo igwireni pa mphuno chingwe chili chokoka. Mukayang'ana mkanda umodzi mukuyenera kuona mkanda umodzi ndi zingwe ziwiri zikudutsana ngati X pa mkandapo. Chingwe chimodzi chikasowa ndiye kuti ubongo wazimitsa diso limodzi, phethirani muyesenso. Kenaka mudumphire pa mkanda wina. Mphindi zochepa, kangapo pa tsiku, kwa masabata, osati kamodzi nkumati sizikugwira. Ndipo kunena zoona masewero amayenda bwino wachipatala akamakuonani pakapita nthawi kusiyana nkuchita nokha.

Kuyendetsa kabaza kapena galimoto ndi kubwerera mu timu ya mpira zikhale zomaliza, maso atasiyiratu kuona ziwiri ndipo adokotala atavomera. Ndikudziwa kuti mwini njinga amafuna ndalama yake tsiku lililonse, koma kuona ziwiri kumasokoneza kuyeza mtunda, lole pa M1 simudziwa kuti ili pati, ndipo kugundanso mutu kusanapole koyamba ndi koopsa kwambiri. Helimeti yomwe inagunda pansi isintheni olo ikuoneka yosasweka.

Akakutumizani ku chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central kapena ku Nkhoma, tengani kalata yokutumizaniyo, buku, magalasi akale ngati muli nawo, komanso wokuperekezani. Amathira mankhwala okulitsa kamwana ka diso kuti aone kumbuyo, ndipo kwa maola angapo zapafupi siziwerengeka, olo uthenga wa pa foni, ndipo dzuwa la ku depoti limathobwa m'maso.