Levodopa ndi Carbidopa (100 mg/25 mg): Malangizo kwa Wodwala ndi Womusamalila

Welengani pepala ili musanayambe kumwa mapilitsi, ndipo mulisunge. Mankhwalawa ndi a matenda a Parkinson. Amacepetsa kunjenjemela, kuuma kwa thupi ndi kucedwa poyenda, koma matendawo sawacilitsa.

Mmene amafikila ku ubongo

Munthu wodwala Parkinson amapelewela dopamine mu ubongo, mankhwala acilengedwe amene amathandiza thupi kuyenda bwino. Dopamine wakumwa sangathandize, cifukwa mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ndi mpanda wake: maselo ake anathithikana kwambili moti mankhwala ambili amathela pomwepo, dopamine nayenso sapyola. Levodopa amalowa cifukwa amadzela pa cipata cimene ma amino acid (tizidutswa ta mapuloteni) a m'zakudya amadzela, ndipo akangolowa, ubongo umamusandutsa dopamine. Carbidopa amatsala kunja. Nchito yake ndi kuteteza levodopa kuti asasanduke dopamine akali m'magazi, ndipo mwa njila imeneyi amacepetsanso mselu.

Kamwedwe

Imwani pa maola amene dokotala analemba, tsiku lililonse. Pa nkhani ya cakudya mpamene tikupempha kuti musamale kwambili. Nyama, nsomba, mazila, mkaka ndi nyemba zili ndi mapuloteni, ndipo akagayika amalimbilana njila ndi levodopa, coyamba m'matumbo, kenako pa cipata ca ku ubongo. Ndiye cifukwa cake ena akadya nyama yambili amaona kuti miyendo yalemela, mabatani a malaya akukanika kumanga, pamene pilitsi amwa. Conco imwani kukali mphindi 30 kuti mudye, kapena pakapita ola limodzi mutadya. Zakudyazi musazileke, thupi lanu likuzifuna. Cosintha ndi nthawi cabe. Mselu ukavuta, mwelani ndi kabisiketi.

Mapilitsi owonjezela magazi amalepheletsa levodopa kulowa bwino m'thupi. Siyanitsani ndi maola osacepela 2. Mukaiwala kumwa, musamwe awili nthawi imodzi.

Musanayambe

Uzani dokotala ngati muli ndi glaucoma (matenda a maso), matenda a mtima, khansa ya pakhungu, kapena ngati muli ndi pakati. Chulani mankhwala onse amene mukumwa, maka-maka metoclopramide, haloperidol ndi chlorpromazine, cifukwa amatsekeleza nchito ya dopamine mu ubongo.

Zimene zingacitike

Mkodzo kapena thukuta zingade, ndipo izi sizoopsa. Mungamve cizungulile ponyamuka, conco yambani mwakhala pansi pang'ono musanaime. Ngati tulo tumakugwilani mwadzidzidzi, musayendetse galimoto. Inu acibale, mukaona wodwala ayamba kuona zinthu zimene palibe, kugwedeza thupi mosafuna, kuchova njuga kapena kumwaza ndalama mosiyana ndi khalidwe lake, musamudzudzule. Angakhale mankhwala, ndipo dokotala angasinthe mlingo.

Musaleke kumwa mwadzidzidzi, ngakhale mutagonekedwa m'cipatala cifukwa ca matenda ena. Thupi likatentha kwambili, minofu n'kuuma, mutu n'kusokonezeka, pitani ku cipatala nthawi yomweyo ndipo munyamule paketi ya mankhwala.

Sungani pamalo ouma, osatentha, pamene ana sangafike.