Mmene Mungayerekezere Makamera Awiri Musanagule

Ogulitsa makamera amakonda kutchula mamegapikiselo, koma nambala imeneyi imangosonyeza kuchuluka kwa timadontho timene timapanga chithunzi. Kamera ya mamegapikiselo 24 imajambula timadontho 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, pomwe kuti mutsukitse chithunzi chooneka bwino chofanana kukula ndi pepala la A4, mamegapikiselo 9 ndi okwanira. Choncho musayambire pa nambala imeneyi.

Yambani ndi kufunsa kukula kwa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala kumbuyo kwa lenzi. Sensa ya full frame ndi ya mamilimita 36 ndi 24, ya APS-C ya Nikon, Sony ndi Fujifilm ndi ya mamilimita pafupifupi 23.5 ndi 15.6, ndipo ya m'foni ndi yocheperatu. Timadontho tikathithikana pa sensa yaing'ono, kalikonse kamalandira kuwala kochepa, ndipo chithunzi chojambulidwa kachisisira chimaoneka ngati chawazidwa mchenga. N'chifukwa chake Sony A7S III, imene imatamandidwa pojambula mumdima, ili ndi mamegapikiselo 12 okha, ndipo foni ya Samsung Galaxy S23 Ultra, ngakhale ili ndi 200, imaphatikiza timadontho 16 kukhala kamodzi pojambula zithunzi wamba.

Kenaka werengani zolembedwa pa lenzi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaluzira ndalama. Makamera ambiri a APS-C amabwera ndi lenzi yolembedwa 18-55mm f/3.5-5.6. Manambala oyambawo akasonyeza mamilimita ochepa, lenziyo imajambula malo aakulu, ndipo akachuluka imakokera pafupi zinthu zakutali. Nambala yotsatira f imanena kukula kwa chibowo cholowera kuwala, ndipo imayenda mobwerera: ikachepa, chibowo chimakula. Lenzi ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa lenzi ija ikafika pa f/5.6. Wojambula maukwati m'tchalitchi chopanda magetsi okwanira, kumene akwati sangaime n'kumudikira, angapindule kwambiri ndi lenzi yoteroyo kusiyana ndi kuonjezera mamegapikiselo. Zumu yolembedwa kuti digital musaiwerengere n'komwe, pakuti imangodula chithunzi n'kuchikulitsa.

Ngati wogulitsa alola, yesani makamera onse awiri pomwepo. Matani tsamba la nyuzipepala pakhoma, imani pamalo amodzi, ikani ISO (nambala yosonyeza mmene kamera imawalitsira chithunzi kuwala kukachepa) yofanana, mwachitsanzo 3200, ndipo mujambule ndi kamera iliyonse. Musakhutire ndi kasikirini ka kamera, chifukwa pamenepo chilichonse chimaoneka chokongola. Tsegulani zithunzizo pa kompyuta, muzikulitse, kenaka muwerenge zilembo za m'makona, popeza lenzi yofooka imaonetsa bwino pakati koma m'mphepete mumachita mbuu. Kamera ikakhala yogwiritsidwapo kale ntchito, unikaninso mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni kuti muone ngati mulibe nkhungu.