Momwe mungayendere kuchoka ku Harare kupita ku Malawi osabwezedwa pa boda

Basi ya ku Blantyre ikanyamuka ku Roadport kapena ku Mbare, imaima pa zipata zinayi: Nyamapanda mbali ya Zimbabwe, Cuchamano polowa ku Mozambique, Zobue potuluka, kenako Mwanza. Ena opita ku Lilongwe amatulukira ku Calomue n'kulowera ku Dedza. Munthu akatsitsidwa m'basi pa chipata chimodzi mwa izi, kawirikawiri vuto limakhala kuti linayambira konkuno ku Harare, tikiti asanagule n'komwe.

Yambani ndi pasipoti. Chitupa cha unzika, kaya ndi cha ku Malawi chomwe bungwe la National Registration Bureau linayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017, kaya ndi cha ku Zimbabwe, sichiwolotsa munthu pa boda. Ntchito yake ndi yokuthandizani kupeza pasipoti. Kachikalata kamene amagwiritsa ntchito anthu okhala m'malire popita kumsika kutsidya nakonso sikangakudutsitseni m'chigawo chonse cha Tete. Tsegulani pasipoti yanu lero, muone tsiku lothera. Pakhale patatsala miyezi 6 kapena kuposerapo, kuwerengera tsiku lobwerera. Muwerengenso masamba opanda kanthu, chifukwa ulendo umodzi umadya zidindo 4, kupita ndi kubwera 8.

Chachiwiri chimakhudza makamaka ana ndi zidzukulu za makolo amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale, omwe lero ali ku Mufakose, Highfield, Epworth ndi Dzivarasekwa. Ambiri akadali ndi chitupa chakale chowasonyeza ngati alendo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013, pa gawo 43, amati munthu amene anabadwira m'dziko muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala konkuno, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Komabe chitupa sichisintha chokha. Pitani ku ofesi ya kalembera, monga ku Makombe Building, ndi kalata yanu ya kubadwa, chitupa chakalecho ndi mapepala a makolo ngati alipo, akupatseni chatsopano, kenako mufunsire pasipoti. Ku Malawi nako Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2018 kuti munthu akhoza kukhala nzika ya mayiko awiri. Ngati muli ndi mapasipoti awiri, tulukani mu Zimbabwe ndi pasipoti imene munalowera nayo kapena ya Zimbabwe, ndipo musasinthe pakati pa Cuchamano ndi Zobue. Wodinda akasowa chidindo cholowera, mafunso amachuluka ndipo basi siyingakudikireni tsiku lonse.

Yang'anitsitsaninso kalembedwe ka mayina. Mayina athu ambiri analembedwa molakwika m'makaundula akale, Phiri kukhala Piri, Mbewe kukhala Mbeve. Dzina la pa kalata ya kubadwa ya mwana likasiyana ndi la pa pasipoti ya kholo, ofisala ali ndi chifukwa chokayikira. Konzetsani ku ofesi ya kalembera nthawi ikadalipo.

Mwana aliyense, ngakhale wa kubere, akhale ndi pasipoti yakeyake. Tengani kalata yake ya kubadwa yosonyeza mayina a makolo. Ngati akuyenda ndi kholo limodzi, agogo kapena azakhali, pakhale kalata yolumbira ya kholo lotsalalo, yodindidwa ndi wolumbiritsa, pamodzi ndi fotokope ya chitupa chake. Ngati kholo linamwalira, tengani kalata ya imfa.

Pasipoti ya Malawi ikatayika kapena kutha ntchito pamene maliro agwa kumudzi, pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare mukapemphe chikalata choyendera mwadzidzidzi. Ngati inatayika, yambani mwatenga lipoti la polisi, ndipo nyamulani zithunzi ndi umboni uliwonse wa unzika. Chikalatachi n'chokufikitsani kwanu basi. Pobwerera kuno mudzafunika pasipoti yeniyeni, ndipo kumbukirani kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti ku Malawi inaima kwa masabata angapo. Musalonjeze abwana tsiku lobwerera musanaigwire m'manja.

Patsiku la ulendo, msewu umadzera ku Murewa ndi Mutoko, mtunda wa makilomita oposa 230 kukafika ku Nyamapanda. Okhala ndi pasipoti ya Malawi kapena ya Zimbabwe safunika viza pa ulendo waufupi m'mayiko atatuwa. Tsikani nokha, muime pamzere nokha, pasipoti muipereke ndi dzanja lanu. Anyamata oyendayenda pa boda amene amati "bweretsani ndikudindireni msanga" akhoza kukubweretserani chidindo chosalembedwa mu kompyuta, ndipo mlandu udzakupezani inuyo ku Zobue. Mukadindiridwa, musachoke pawindo musanaone kuti tsiku likuwerengeka bwino komanso masiku amene mwapatsidwa ndi angati. Mu Tete pasipoti ikhale m'thumba la chovala, chifukwa apolisi amaimitsa mabasi panjira ya ku Changara ndi Moatize, ndipo chikwama chimene chili pansi pa basi simungachifikire. Ndalama iliyonse yolipira pa ofesi ikhale ndi lisiti. Sungani madola ang'onoang'ono. Ndalama ya ku Zimbabwe ya ZiG sigwira ntchito kutsidya, komwe kumafunika metikali, ndipo ku Mwanza ndi kwacha.

Oyendetsa galimoto yawoyawo atenge buku la galimoto, laisensi, chikalata cha polisi chotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa, ndi kalata ya mwini wake ngati ili m'dzina la wina. Inshulansi ya COMESA Yellow Card imagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku Malawi, koma Mozambique sali m'bungwe la COMESA, choncho mudzagula ina ku Cuchamano. M'galimoto mukhale matirayango awiri ndi vesiti yonyezimira. Chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi chimene mwapatsidwa ku Cuchamano muchisunge pouma, chifukwa ku Zobue adzachifuna musanatuluke, ndipo ku Mwanza a bungwe lotolera misonkho la MRA adzakulemberani china.