Momwe mungasinthire mawu a Alpha Juno pogwiritsa ntchito PG-300 kudzera pa MIDI

Kampani ya Roland itatulutsa kiyibodi ya Alpha Juno mu 1985, inachotsa pafupifupi ma slider onse (timabatani tokankha posintha mawu) amene anali pa kiyibodi yake yakale ya Juno-106, n'kusiya kagudumu kamodzi kotchedwa Alpha Dial. Pokonza mawu mumasankha chinthu chimodzi, kupotokola kagudumu, kenako kusankha china, ndipo mtima wofuna kuimba umazizira. PG-300 ndi kabokosi kamene kamabwezeretsa ma slider aja m'manja mwanu.

Yambani ndi kutsimikiza kuti mwagula kabokosi koyenera. PG-300 ndi ya Alpha Juno 1, Alpha Juno 2 ndi MKS-50, pomwe PG-1000 ndi ya D-50. PG-200 ya JX-3P ndi PG-800 ya JX-8P sizidzera pa MIDI (njira imene zida zoimbira zimatumizirana uthenga) ayi, zili ndi chingwe chawochawo. Kiyibodi ikakhala yochokera ku Japan, werengani kaye zimene zalembedwa kumbuyo: ya mavoti 100 ikalowa pa soketi ya 230 popanda thiransifoma, yapsa.

Zonse zili chozima, tengani chingwe cha MIDI cha mano 5, muchilumikize kuchoka pa MIDI OUT ya PG-300 kupita pa MIDI IN ya kiyibodi. Kabokosiko kamafuna adaputala yake ya magetsi.

Tsopano pamene ambiri amakodwa. PG-300 imatumiza uthenga wa System Exclusive, umene oimba amangoti SysEx. Umenewu ndi uthenga wapadera wa MIDI wouza kiyibodi chimene isinthe pa mawu ake. Kiyibodi siimva uthengawu mukapanda kuiuza. Dinani batani la MIDI mpaka mufike pa EXCL (chidule cha Exclusive), muike ON, kenako muonetsetse kuti tchanelo cha kiyibodi ndi cha kabokosi n'chimodzi. Ndikhulupirira kuti ma PG-300 ambiri amene anthu amati anafa ndi amoyo ndithu, vuto ndi pamenepa basi.

Gwirani kiyi imodzi, mukankhe slider ya VCF FREQ, imene imasefa mawu, pang'onopang'ono. Mawu akayamba kuwala kapena kulobodoka, ndiye kuti zagwirana.

Dziwaninso kuti ma slider sadziwa zomwe zili m'kiyibodi. Mukasankha mawu osungidwa kale n'kukhudza slider, mawuwo amalumpha n'kufika pamene slider ili. Ngati mukufuna kuyambira pa zimene mukuona pa kabokosi, dinani MANUAL kuti katumize zonse nthawi imodzi. Ineyo njira imeneyi ndiyo ndimaikonda, chifukwa khutu ndi maso zimagwirizana.

Mawu akakusangalatsani, zimitsani MEMORY PROTECT kumbuyo kwa kiyibodi, dinani WRITE, musankhe malo amodzi mwa 64 a Memory, kenako muyatsenso chitetezocho. Ma 64 a Preset salembedwa. Batire la mkati lomwe limasunga mawu a Memory likatha, zonse zimafufutika, choncho tumizani mawuwo ku kompyuta kudzera pa SysEx musanapereke kiyibodi kwa mmisiri kuti alisinthe.