Kadzalidwe ka maluwa a sweet pea

Maluwa onunkhira awa amadana ndi kutentha, choncho kuno kwathu adzaleni mu Epulo kapena Meyi, mvula ikatha, makamaka kumalo ozizira ngati Dedza. Mukachedwa, dzuwa la Okutobala limawafotetsa asanakongole.

Njere zake n'zolimba khungu. Ziviikeni m'madzi usiku umodzi, zimene sizinafufume muzikande pang'ono ndi mpeni. Kumbani mozama, sakanizani dothi ndi manyowa owola bwino, dzalani njere masentimita 2 pansi, motalikirana masentimita 20. Zikani nsungwi zotalika mamita 2 zoti chomeracho chiziyangapo tsiku lomwelo, chifukwa mukazika mochedwa mumadula mizu.

Mbande ikafika masentimita 10, tsinani kansonga kake ndi zikhadabo kuti iphukire nthambi zambiri. Musathire yureya, mudzangopeza masamba okhaokha. Thirirani patsinde m'mawa. Dothi likauma, masamba amachita nkhungu yoyera ngati ufa.

Thyolani maluwa masiku awiri kapena atatu aliwonse. Mukawasiya abereke zikhokhombe, chomeracho chimaleka kuchita maluwa. Chonde achenjezeni ana: zikhokhombezo zimafanana ndi nsawawa, koma njere zake zili ndi poizoni, sizidyedwa.