Beseni Lobooka Osataya Kudzala, Dzalanimo Maluwa

Mwezi wathawu ndikuyendera alimi a kalabu ina ya ndiwo zamasamba, ndinaima nthawi yaitali pakhonde la mayi wina wachikulire ndisanapite n'kudimba komwe ndinadzera. Pa njerwa ziwiri panali ketulo yakale, yopanda chivundikiro, yakuda ndi mwaye wa zaka zambiri. M'kati mwake munali mpungabwi wobiriwira bwino, nthambi zake zitazinga chogwirira. Pambali pake panali mtondo wong'aluka mbali imodzi, momwe munamera alovera wonenepa. Mayiwo anati ketuloyo analandira paukwati wawo, ndiye itayamba kudontha mtima sunalole kuti aitaye. Ndinainyamula n'kusuzumira kunsi kwake. Anali ataboola mabowo asanu ndi msomali. Apo ndinadziwa kuti mayiwa ntchitoyi akuidziwa, chifukwa anthu ambiri amalakwitsa pomwepo.

Pakhomo lililonse pali zinthu zimene zinatha ntchito yake yoyamba: ndowa yothyoka chogwirira, beseni lobooka, mphika wadothi wong'aluka, mbaula yodyeka ndi moto, lichero lothothoka m'mbali, matayala, mabotolo, zitini. Zambiri zimangounjikidwa kuseri kwa khitchini n'kumasunga makoswe ndi madzi. Zinthu zimenezi zingathe kukongoletsa bwalo ndi nyumba popanda kuwononga ndalama, bola mutsate ndondomeko yake.

Choyamba ndi kuboola. Chilichonse chimene chikhale panja, kaya mudzalamo duwa kaya chingokhala chokongoletsa, chisasunge madzi. Nyengo yotentha udzudzu umatha kuchoka pa dzira kufika pouluka m'sabata imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo sufuna dziwe lalikulu. Timadzi totsalira m'chitini n'tokwanira. Ndaonapo makomo okongola, matayala opakidwa utoto ali ndandanda, koma ukapendeketsa limodzi mumatuluka madzi odzaza timphutsi tovinavina. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Banja lagona m'masikito usiku wonse, koma udzudzu likuweta lokha pakhonde.

Beseni kapena ndowa yachitsulo iboolereni ndi msomali wa mainchesi anayi ndi hamala, mabowo asanu kapena asanu ndi atatu malinga ndi kukula kwake. Muzikhomera kuchokera m'kati kuti milomo ya mabowo iloze pansi, madzi azituluka onse. Chapulasitiki musachikhome, chimang'aluka. Tenthetsani msomali pa mbaula, muugwire ndi pulayala, n'kuboola muli panja popita mphepo chifukwa utsi wake si wabwino. Mphika wadothi wong'aluka nthawi zambiri umadontha wokha, koma ngati mng'alu uli m'mwamba, gogodani pang'onopang'ono kunsi ndi nsonga ya msomali mphikawo mutaunyowetsa usiku wonse. Pa bowo lililonse lalikulu vundikirani phale kuti dothi lisamatuluke. Mukatero, chikhazikeni pa njerwa kapena pa miyala. Chikakhala pansi penipeni mabowo amatsekeka ndi matope, ndipo ngati ndi mtondo kapena mpando wakale, chiswe sichichedwa kuupeza.

Dothi la m'chidebe si la m'munda. Mukangokumba katondo wa pabwalo n'kuthira, amauma gwaa ngati njerwa ndipo mizu imakanika kupuma. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba lakuda, gawo limodzi la manyowa owola bwino ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje. Manyowa akhale oti mukawagwira sakutentha ndipo sakununkha khola. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu. Musadzaze mpaka pakamwa, siyani mpata wa zala zitatu wothiriramo madzi, ndipo pamwamba phimbirani ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza.

Pa zodzalamo, ine ndimakonda chomera chokongola chimene chimalowanso mumphika. Tsabola wa kambuzi akapsa m'ndowa yopakidwa laimu amaoneka bwino kuposa maluwa ambiri ogula. Anyezi wamasamba amachita bwino m'beseni losaya. Lemoni girasi amafuna ndowa yakuya. Alovera ndi zomera zina za masamba onenepa n'zoyenera m'mbaula yakale kapena m'ketulo, poti sizifuna madzi ambiri ndipo zimapirira chitsulo chikatentha mu Okutobala. Matimati amafuna chidebe cha malita 20, osachepera apo.

Matayala ndiwo anthu amafunsa kwambiri. Tayala ligonekeni pansi, mudule khoma lam'mbali lapamwamba ndi mpeni wakuthwa umene mukuuviika m'madzi a sopo kuti uzitsetsereka. Musalimbane ndi mbali yoponda msewu, muli mawaya. Khoma lakunsi liboolereni mabowo akuluakulu, kenako dzazani dothi mpaka m'makona monse kuti pasatsale mphako yosunga madzi. Tayala lakuda limatentha kwambiri padzuwa, choncho lipakeni utoto woyera kapena wowala. Langizo langa ndi loti m'matayala muzidzala maluwa, ndiwo zipite m'mabeseni, m'miphika ndi m'matumba. Tayala limapangidwa ndi mankhwala ambiri ndipo likamafumbutuka ndi dzuwa amalowa m'dothi pang'onopang'ono. Ndipo musaliwotche pofuna kuchotsa mawaya, utsi wake ndi poizoni kwa inu ndi kwa oyandikana nawo.

Mabotolo agalasi amene sabwezedwa kugolosale amapanga mpanda wabwino wa bedi la maluwa. Kumbani kangalande, muwazike chozondoka, kamwa pansi, theka lonse lilowe m'dothi. Onetsetsani kunsi kwake: ena, makamaka a vinyo, ali ndi kadzenje kamene kakaloza kumwamba kamasunga madzi a mvula. Kadzenje kameneko katsekeni ndi dothi kapena simenti pang'ono. Botolo losweka lisalowe pamzerewo, ana amathamanga opanda nsapato.

Mabotolo apulasitiki ntchito yake yabwino koposa ndi kuthirira. Boolani timabowo tiwiri kapena titatu kunsi kwa botolo la malita awiri, mulikwirire pafupi ndi chomera kamwa ili kunja, muzithira madzi m'menemo. Amatsikira ku mizu pang'onopang'ono ndipo chidebe chimatha masiku awiri kapena atatu chili chinyezi. Ena amawadula pamimba n'kuwapachika pa mpanda wa bango ndi waya, n'kudzalamo timaluwa. N'zokongola ndithu, koma dziwani kuti dzuwa limawafumbutula. Akayamba kuthetheka achotseni asanasanduke tizidutswa m'dothi. Majumbo opyapyala aja alibe ntchito pano. Boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) mu 2015, ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Amene anaona mtsinje wa Mudi ku Blantyre kapena wa Lilongwe mvula yoyamba itagwa akudziwa chifukwa chake.

M'nyumba ntchito ndi yopepuka. Malichero akale atatu osiyana kukula, mutawatsuka ndi kuwayanika, amakhala bwino pakhoma la pabalaza. Zidutswa za zitenje zotsala kwa telala zimakutira zitini zoikamo masipuni kapena zolembera za ana, ndipo mukazidula tizingwe n'kuzimanga pa thumba lochapidwa bwino mumapeza chopondera cha pakhomo chofewa. Mkombero wa njinga wopindika, mutaupala dzimbiri ndi sandipepala, umasanduka popachika zithunzi, kapena panja n'kukhala poyanga nyemba ndi maluwa oyanga. Chitini chilichonse mupinde milomo yake yakuthwa ndi pulayala. Ngati simungathe, amisiri okhoma zidebe kumsika amachita zimenezi mosavuta. Mpando, bokosi kapena bedi lakale lisalowe m'nyumba musanalithire madzi otentha m'malumikizidwe ndi kuliyanika padzuwa masiku angapo, mungalowetse nsikidzi ndi mphemvu. Zitini zoyatsiramo makandulo zikhale kutali ndi makatani ndi denga laudzu.

Tsopano pali zinthu zimene sindifuna kuziona pakhonde la munthu, ngakhale zitaoneka zolimba bwanji. Zigubu ndi mabotolo a mankhwala ophera tizilombo kapena udzu, a thonje, a fodya, a ntchemberezandonda, oviikira ziweto, zonsezi si zodzalamo kanthu, si zotungira madzi, si zoseweretsa ana. Pulasitiki amamwa mankhwala ndipo sopo sawachotsa. Chigubu chikatha chitsukuluzeni katatu, madzi otsukuluzawo muthire m'sipuleya momwemo, kenako muchiboole kuti wina asadzachitole, n'kufunsa mlangizi wa dera lanu za kotayira. Batire lakale la galimoto kapena la sola lili ndi asidi ndi mtovu, musaliswe kuti mupeze bokosi lake. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, osaonetsa chizindikiro msanga. Pa chifukwa chomwechi, posankha utoto tengani wosungunulira ndi madzi kapena laimu, chifukwa utoto wina wamafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, umakhala ndi mtovu. Zidutswa za denga la asibesitasi za nyumba zakale musazicheke kapena kuziboola, fumbi lake limawononga mapapo. Zigubu za oyilo wa galimoto nazonso zisiyeni.

Nthawi yabwino yoyamba ntchitoyi ndi chilimwe, mu Seputembala ndi Okutobala, pamene utoto umauma msanga ndipo manyowa amene munapanga mutakolola apsa. Musayambe ndi zinthu makumi awiri. Madzi othirira ndi omwe aja a kumjigo, ndipo amene amawasenza ndi amene ayenera kunena kuti zidebe zikhale zingati. Yambani ndi zitatu kapena zinayi pafupi ndi potsukira mbale, kuti madzi otsukira ndiwo ndi mpunga azithera momwemo. A sopo wambiri ndi amchere asalowemo.

Mvula yoyamba ikagwa, m'mawa mwake zungulirani pakhomo ponse. Pendeketsani chidebe chilichonse, suzumirani m'matayala, pisani chala m'dothi. Pamene mwapeza madzi ataima, tokosani mabowo ndi kamtengo kapena onjezerani ena tsiku lomwelo, ndipo muzibwereza zimenezi sabata iliyonse mpaka mvula itasiya mu Epulo.