Momwe mungafufuzire chiyambi cha saneimu ya Chingerezi: ndinayesa ndi dzina la Godwin

Mlamu wanga amene anakwatira mchemwali wanga kuno ku England saneimu yake ndi Godwin, ndipo kwawo onse amakhulupirira zoti ndi mbumba ya mfumu Harold ija inafera ku nkhondo ya ku Hastings. Poti ana a mchemwali wanga atenga dzina lomweli ndinati ndifufuze ndekha. Njira yake ndi iyi, ndipo imagwira pa dzina lililonse la ku England, kaya ndi Baxter, Ashton kapena Shepherd.

Musanayambe dziwani kuti pali ntchito ziwiri zosiyana. Ina ndi kupeza kumene dzina linachokera, iyi ndi ya madzulo amodzi. Ina ndi kupeza kumene banja lanulo linachokera, iyi ndiye yodya nthawi ndi ndalama. Anthu ambiri amaphatikiza ziwirizi ndiye pamene amadyeredwa.

Choyamba: dziwani mtundu wa dzinalo

Masaneimu a ku England ambiri amagwa m'magulu anayi. Ena ndi a malo, awa mumawadziwira kumapeto kwake, -ton, -ham, -ley, -worth, zonsezi ndi mawu a Chingerezi chakale onena za mudzi, munda kapena mpanda. Ena ndi a ntchito, Smith wosula zitsulo, Baxter wophika buledi, Webster woluka nsalu. Ena ndi ongotchulana, Long, Brown, White. Ndiye pali ochokera ku dzina loyamba la kholo, apa ndi pomwe pali Godwin. Linali dzina la mwana wamwamuna, Godwine, mbali yachiwiriyo wine imatanthauza bwenzi, yoyambayo ikhoza kukhala Mulungu kapena wabwino chifukwa pa kalembedwe ka nthawi imeneyo mawu awiriwa ankaoneka ofanana. Goodwin ndi m'bale wake.

Musadalire mawebusaiti oyamba kutuluka pa Google. Pitani pa Oxford Dictionary of Family Names in Britain and Ireland ya 2016, ili ndi maina oposa 45,000 ndipo pa dzina lililonse imaonetsa anthu akale amene analembedwa nalo, chaka ndi dera. Kugula ndi kodula zedi, osayerekeza, funsani ku laibulale ya m'dera lanu, ambiri amakulolani kuiwerenga ndi khadi yanu basi.

Chachiwiri: ikani dzinalo m'nthawi yake

A Anglo-Saxon anayamba kulowa ku Britain m'zaka za m'ma 400 kuchokera kumpoto kwa Germany ndi Denmark, ndipo iwowa analibe masaneimu opatsirana ku mibadwo. Munthu ankakhala ndi dzina limodzi, akafuna kumusiyanitsa amawonjezera la bambo ake kapena la mudzi. Godwin wotchuka, bambo ake a mfumu Harold ija, anali Earl (bwana wamkulu woyang'anira dera m'malo mwa mfumu) wa ku Wessex, anakwera pa nthawi ya mfumu Cnut, mwana wake wamkazi Edith anakwatiwa ndi mfumu Edward the Confessor, Godwin yemweyo anamwalira mu 1053. Mwana wake Harold timamutchula Godwinson, kungoti mwana wa Godwin, sinali saneimu ayi. Analowa ufumu mu January 1066 n'kuphedwa ku Hastings pa 14 October chaka chomwecho pamodzi ndi abale ake awiri, Gyrth ndi Leofwine.

Zopatsirana dzina zinabwera pambuyo pa a Norman, anthu ochokera ku France amene anagonjetsa Harold n'kulanda England, kuyambira kwa eni minda ikuluikulu n'kumatsika pang'onopang'ono, anthu wamba ambiri anafika pokhala nazo cha m'ma 1400. Ndiye onani, Godwine linali dzina lofala kwambiri, mukatsegula Domesday Book ya 1086 (kaundula wa minda ndi eni ake, ilipo yaulere pa webusaiti ya Open Domesday) mupeza a Godwin m'madera osiyanasiyana, ndipo dzinali linapitirira kugwiritsidwa ntchito a Norman atabwera kale. Mlimi aliyense wa m'ma 1200 dzina lake Godwin akanatha kusiyira zidzukulu zake saneimuyi. Zili ngati a Phiri kwathu, sikuti aliyense wa Phiri agogo ake anakhalapo pa mpando wa Kalonga.

Pano ndikuchenjezeni za ogulitsa zishango za mabanja. Mukangolemba saneimu pa intaneti akutulukirani ndi chithunzi cha chishango, chipewa chachitsulo pamwamba, ndi nkhani yoti dzina lanu ndi lakale la Anglo-Saxon ndipo makolo anu anali ndi malo awoawo nkhondo ya Hastings isanachitike. Yesani kulemba dzina lina, ndime zake ndi zomwezo angosintha dzina ndi boma. Akufuna mugule pepala la mufelemu, kapu, tisheti. Ku England chishango si cha saneimu, chimaperekedwa kwa munthu mmodzi n'kumatsika mwa ana ake, ndipo oyang'anira zimenezi ndi College of Arms ya ku London imene ilipo kuyambira 1484. Apongozi a mchemwali wanga ali nacho chopachika pabalaza, ndinangochiyang'ana osanena kanthu.

Chachitatu: yambani ndi amoyo, muzibwerera m'mbuyo

Osayambira pa Harold kutsika, yambirani pa agogo amene alipo. Afunseni maina, kumene anabadwira, ntchito imene ankagwira, jambulani ndi foni mapepala onse a m'katoni. Mukatero pitani ku kaundula wa boma. Ku England ndi Wales kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira kunayamba pa 1 July 1837. Mndandanda wake mumafufuza mwaulere pa FreeBMD, komanso pa webusaiti ya General Register Office pomwe pali chinthu chothandiza kwambiri, amaonetsa saneimu ya mayi ake a mwana asanakwatiwe, ndiye mumadziwa kuti John Godwin wanu ndi uti musanalipire kanthu. Za kutsegula akaunti sindikuuzani mukudziwa kale. Gulani PDF osati setifiketi yapepala, ine PDF sinandifikire £10 ndipo zolembedwamo ndi zomwezo. Pali makampani ena amaika malonda pamwamba pa Google ooneka ngati a boma, amangokuodelani setifiketi yomweyo n'kukulipiritsani kawiri kapena katatu, onetsetsani kuti adiresi ikuthera gov.uk.

Chachinayi: kalembera

Ankachitika zaka khumi zilizonse. Wa 1841 ndi woyamba kukhala ndi maina a anthu onse koma ndi wosakhutiritsa, zaka za akuluakulu ankazitsitsa kufika pa nambala yogawika ndi 5 ndipo sanalembe ubale wa anthu a m'nyumba. Wa 1851 ndiye golide, muli ubale ndi parishi yomwe munthu anabadwira. Wa 1881 mndandanda wake ndi waulere pa FamilySearch. Wa 1921 anautulutsa mu January 2022. Wa 1931 musavutike kuufuna, unapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 kunalibe kalembera chifukwa cha nkhondo, chotsekera mpatawo ndi 1939 Register, kaundula wa anthu amene analembedwa nkhondoyo itangoyamba. Mawebusaiti olipira ofufuzirapo makolo amakonda kupereka masiku oyesa aulere, konzekerani mafunso anu onse kaye kenako mulowe, ndipo ikani alamu yoletsera apo ayi adula ndalama ku khadi mwakachetechete.

Chachisanu: mabuku a tchalitchi, apa ndiye panandivuta

Mukadutsa 1837 kubwerera m'mbuyo mwatsala ndi mabuku a parishi, a ubatizo, ukwati ndi maliro. Analamula kuti azilembedwa ndi Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, mu 1538, koma musayembekeze kuti parishi yanu ifika kumeneko, ambiri pokopera mabuku akale anayambira 1558, ndipo cha m'ma 1640 ndi 1650 nthawi ya nkhondo yapachiweniweni muli mipata. A mlamu wanga kalembera wa 1851 anatilozera ku parishi ina ya ku Wiltshire, mabuku a kumeneko amasungidwa ku Wiltshire and Swindon History Centre ku Chippenham.

Vuto loyamba ndi masipelo. Anthu ambiri sankadziwa kulemba, wansembe kapena kalaliki amalemba momwe wamvera, ndiye bambo yemweyo pa mwana woyamba ndi Godwin, pa wachiwiri Goodwin, pa maliro Godwyn. Pofufuza ikani nyenyezi, G*dw*n, muone onse. Komanso isanafike 1733 mabuku ena ali m'Chilatini, William amakhala Gulielmus, James amakhala Jacobus.

Koma chimene chinandizungulitsa mutu ndi kalendala. Ndinapeza banja lina la m'zaka za m'ma 1700 limene mwana wake woyamba akuoneka kuti anabatizidwa miyezi iwiri makolo ake asanakwatirane, koma wansembe walemba bwinobwino kuti mwana wa uje ndi mkazi wake uje. Pulogalamu yojambulira mtengo wa banja inayamba kuonetsa chenjezo lofiira. Ganizo linali loti mwina bamboyu anali ndi mkazi woyamba wa dzina lomwelo, kapena pali a Godwin awiri m'mudzi umodzi, ndiye kunali kufufuza maliro a mkazi woyambayo m'maparishi onse oyandikana, kulipira zithunzi za masamba amene sanathandize kalikonse, mkaziyo osapezeka chifukwa sanakhaleko n'komwe. Nkhani yake ndi yoti ku England isanafike 1752 chaka chatsopano chinkayamba pa 25 March osati 1 January. Tiyerekeze ukwati unachitika mu April 1741, February wotsatira wansembe amalembabe 1741 poti chaka sichinathe, pomwe ife tingati 1742. Mwanayo anabadwa patapita miyezi khumi chikwatirane, palibe chachilendo. Olemba mindandanda ya pa intaneti ena amasintha chaka ena sasintha ndipo sakuuzani, ndiye tsiku lililonse la pakati pa 1 January ndi 24 March lisanafike 1752 tsegulani chithunzi cha tsamba lenilenilo muone ndondomeko yake, mupeza February ali pansi pa December m'chaka chomwecho. Muzilemba 1741/2 kuti musadzasokonezekenso. Ngati banja lanu lakhudza Scotland samalaninso, kumeneko anasintha kale mu 1600.

Ndipo mitengo ya mabanja imene anthu ena aika pa intaneti musamakopere, ambiri anangokoperana okhaokha, mupeza mayi akubereka ali ndi zaka 70.

Zotsala

Kupitirira 1538 kwa anthu wamba n'kovuta. Pali mawilo, mabuku a makhoti a eni minda, ndi mindandanda ya msonkho wa pamutu wa 1377, 1379 ndi 1381, mungapezemo dzina lanu m'dera lomwelo koma kulumikiza bambo ndi mwana nthawi zambiri sizitheka. Onaninso ku Guild of One-Name Studies, bungwe la anthu ofufuza saneimu imodziimodzi, mwina wina anayamba kale kusonkhanitsa dzina lanu. Kuyezetsa Y-DNA, chibadwa chimene bambo amapatsira mwana wamwamuna, kumangokuuzani ngati amuna awiri a saneimu imodzi ali pachibale, sikungakupatseni Earl wa ku Wessex. Ife tinaimira koyambirira kwa zaka za m'ma 1700, pa munthu wogwira ntchito m'minda ya eni, pakati pa iyeyo ndi Harold pali zaka zoposa 600 zopanda pepala lililonse.